Tsiku Limene Chibakera Anakhota

Ku situdiyo ina ya makatuni, yomwe inali pamwamba pa sitolo ya matayala, ntchito ya Makoma inali kujambula nyumba iliyonse kawiri: koyamba itaima bwinobwino, kachiwiri itaphwanyika. Dzina lakuti Makoma anamupatsa ndi anzake a pantchito, poti iwo ankajambula anthu, nkhope ndi zibakera, pamene zake zinali makoma, mazenera ndi madenga a kumbuyo, kumene woonera sayang'anako. Anali mayi wa zaka makumi anayi ndi ziwiri, wosalankhulalankhula, ndipo pa zaka zisanu ndi chimodzi anali atamanga mzinda wathunthu pakompyuta yake n'kuugwetsanso ndi manja ake omwe.

Koma wogwetsa weniweni anali Chibakera, ngwazi ya katuniyo. Chinali chimunthu cha chifuwa ngati kabati, kamutu kochepa, ndi mtima wofewa kwabasi. Akangomva kuti kwinakwake wina ali pamavuto, misozi inkalengeza m'maso, kenaka liwiro. Tsoka lake, njira ankadziwa imodzi yokha, yolunjika. Pakati pakhale chipatala, adutsa m'chipatalamo. Pakhale ukwati, adutsa pakati pa mkwati ndi mkwatibwi. Akafika n'kutsitsa mphaka amene wakanirira pamtengo wa magetsi, ankamukumbatira akulira, kumbuyo kwake fumbi lili koboo, madenga ali mbwee mumsewu. Ana ankamukonda osati masewera.

Njira ya Chibakera inkakonzedwa Lolemba m'mawa. Abwana, eni ake a situdiyo, ankayala mapu a mzindawo pathebulo, kuika chala pamene pali Chibakera, china pamene pagwa tsoka, kenaka n'kugoneka rula yawo yachitsulo pakati. Chilichonse chopezeka pansi pa rulayo, zake zada. Abwanawa analinso ndi lamulo limene ankalinyadira ngati mwana wokhoza mayeso: chagwa chagwa. M'makatuni a anthu ena nyumba imaphwanyika lero, sabata yamawa yaimanso. Kwa iwo ayi. Pamalo pa nyumba yogwa, Makoma ankajambulapo ina yatsopano, nayonso n'kumadikira tsiku lake.

Nyumba imodzi yokha ndi imene Makoma anaijambula kamodzi. Kanali kashopu ka telala pakona ya msewu, ka chitseko chobiriwira ndi masitepe atatu. Palibe anamutuma kukajambula, anangokalowetsa mwakachetechete. Inali shopu ya bambo ake, imene inagwetsedwa zaka makumi awiri zapitazo pokulitsa msewu, eni ake ataima kutsidya atakumbatira mutu wa makina osokera.

Tsopano bambowo anali atakalamba, ndipo mutu wawo unali utayamba kutaya zinthu. Unataya masiku, unataya njira ya kubafa, kenaka unataya ana. Ankakhala kwa achimwene ake a Makoma, akusamalidwa ndi mlamu wake, ndipo Makoma akafika Loweruka ankamulandira mwaulemu wonse kuti, "Lowani, mayi," ngati munthu wobwera kudzayezetsa diresi. Zinkamupweteka kwambiri, palibe chifukwa chobisira. Koma Loweruka lililonse, naini koloko m'mawa, Chibakera akamathamanga pakanema, kashopu kaja kankaoneka kumbuyo kwake kwa masekondi awiri, ndipo munthu amene sabata yonse anali duu pampando ankadzambatuka.

"Ndatseka chitseko chija?" ankafunsa.

"Mwatseka, bambo."

Kuyambira pamenepo mpaka dzuwa kupendeka anali telala. Ankaitanitsa tepi, kuyeza makatani, kuyeza mlamu uja, kunyoza msoko wa thalauza la mwana wawo wamwamuna, kuseka, ndi kumaliza chakudya popanda kuwanyengerera. Makomayo bambo sankamuzindikirabe, koma ankamuyeza mapewa n'kumudzudzula kuti amayenda mowerama. Kwa iye zimenezo zinali zokwanira kudikira sabata yonse.

Ndiye Lolemba lina rula inagona pa kashopu kaja.

Nkhani ya sabata imeneyo inali ya kamwana kamene kanatsatira baluni mpaka pamwamba pa nsanja ya wotchi, n'kuterereka. Abwana anayendetsa chala m'mbali mwa rula akuwerenga.

"Malo omwetsera mafuta, laibulale, nyumba zitatu izi, ndi aka. N'kachiyani kameneka?"

"Ka telala, bwana."

"Kakhalitsa. Ndikapeze kali zidutswa."

Makoma sananene zoona, poti anachita manyazi kuulula kuti zaka zonsezi wakhala akuzembetsa bambo ake m'katuni ya eni ake. Anthu atapita kukadya masana, anasuntha kashopuko pamapu, kukaika mbali ina ya msewu. M'mawa mwake abwana anayang'ana mapu, anavula magalasi, anawapukuta n'kuvalanso.

"Kashopu aka kamayenda?"

Abwana sanali munthu wobweza mawu. Anangosuntha pamene Chibakera ayambire liwiro, rula n'kugonanso pa kashopu pomwepo. Makoma anakabisa kuseri kwa tchalitchi, ndipo Lachitatu tchalitchi nacho chinalowa pamndandanda wa zogwa.

Atasowa mtengo wogwira, anapempha msonkhano. Anthu asanu ndi atatu anakhala mozungulira thebulo la mapu, makapu a tiyi ali m'manja. Panalinso Wamawu, kabambo koonda koopa mphemvu, kamene kankalankhula m'malo mwa Chibakera ndipo kanali kataiwala kalekale kuti iko ndi Chibakera ndi anthu awiri.

"Bwana, ine ndili ndi mlandu ndi Chibakera," anayamba Makoma.

Wamawu anatsitsa kapu yake. "Ndi ine? Ndakulakwirani chiyani, achemwali?"

"Sindikunena inu. Ndikunena Chibakera."

"Eya, ndiye ineyo."

Makoma anatsegula kope lake. "Munthu ameneyu wagwetsa nyumba 412. Wapulumutsa anthu makumi atatu ndi amphaka makumi awiri, ndipo mphaka mmodzi, wamawanga uja, wamupulumutsa kanayi. Sukulu ya mkaka anaigumula pothamangira bambo amene anangogona pabenchi atakhuta. Mlatho anauthyola chifukwa cha chipewa chouluka ndi mphepo. Chimenechi mukuti chifundo? Uwu ndi mliri."

"Taimani!" Mawu a Wamawu anali atatsikira kale pachifuwa, mazenera n'kumanjenjemera. "Wafapo munthu? Tchulani mmodzi yekha!"

"Safa chifukwa ine ndimawatulutsa m'nyumbamo inu musanafike. Koma mwafunsapo kuti amagona kuti?"

Anatembenuza kompyuta kuti onse aone, n'kukulitsa pokwerera basi pamene Chibakera ankadutsa sabata ndi sabata. Chaka choyamba panali anthu awiri. Tsopano panali khwimbi: mabanja athunthu ali ndi matiresi pamutu, mapoto, firiji, wotchi ya pakhoma, wansembe, ana asukulu atanyamula bolodi, ndi dokotala atagwirabe jakisoni.

"Ndakhala ndikuwaika pamenepa chiyambire," anatero. "Palibe mwa inu anawaona."

Onse anawerama, kukamwa kuli yasa.

"Ine ndimayesa basi yachedwa," anatero wojambula nkhope.

Wamawu anaimirira, dzanja lili pamtima, misozi ikuyenderera. "Mtima wanga ndi woyera, anthu inu. Ine ndikamva mwana akulira sindiona khoma. Ndimaona mwana."

"Vuto lanu ndi lomwelo," anatero Makoma. "Simuona." Anazindikira mochedwa kuti nayenso wayamba kukalipira kabambo koopa mphemvu chifukwa cha mlatho wojambula.

Mkangano unabuka mpaka tiyi anazizira. Wina anati mtima wabwino sufolera nyumba. Wina anati walira mvula walira matope, wofuna kupulumutsidwa asadandaule ndi zigumukire. Wopaka mitundu anati iye akanakhala mumzinda umenewo akanasamuka usiku womwewo, ndipo wojambula nkhope anamufunsa kuti akanakwera basi iti. Anavota, zinatuluka anayi kwa anayi, ndipo Wamawu anafuna kuvota kachiwiri m'dzina la Chibakera. Apa abwana anamenya rula pathebulo.

"Mukutaya nthawi. Ngakhale mumupeze wolakwa, Chibakera sangakhote. Alibe zojambula zokhotera."

Zinali zoona. Zaka zonsezo anamujambula akuthamanga cholunjika, akudumpha cholunjika, akulira cholunjika. Kuti akhote pankafunika zithunzi zatsopano makumi anayi ndi zisanu ndi zitatu, bondo likupindika, phewa likutsika, khosi likutembenuka, ndipo panalibe amene ankadziwa ngati munthuyu ali nalo khosi.

Pamenepo Makoma anatseka kope lake n'kunena zoona. Ananena za makina osokera, za "Lowani, mayi," ndi za masekondi awiri aja. Anati bambo ake anaionapo kale shopu imeneyo ikugwa, ndipo iye sangakhale munthu woigwetsa kachiwiri iwo akuona. Sanalire. Abwana, amene ankalira ngakhale poonera makatuni awo omwe, anamina m'kansalu kwa nthawi yaitali.

"Bwanji osanena, mayi? Chabwino. Mukajambula nokha zithunzi zonsezo, akhote. Kamodzi kokha."

Katuniyo inali yoti ionetsedwe Loweruka la sabata yotsatira. Makoma ankafika mlonda asanaweruke, masana n'kumadyera pakompyuta pomwepo. Khosi analipeza, lalifupi ngati chivindikiro cha botolo. Koma zithunzi zitatha panabuka lina. Woyang'anira nthawi anawerengera n'kupeza kuti kukhotako kukudya masekondi khumi ndi imodzi, pamene nsanja ya wotchi inali ya nsanjika zisanu ndi imodzi basi. Chibakera akanafika kamwana katafika kale pansi.

"Onjezerani nsanjika," anatero abwana. "Kapatseni kamwanako malo ogwera."

Anaonjezera zisanu ndi zinayi. Kenaka Wamawu anati ngati akumuimitsa pakhomo pa munthu wamkulu, iye sanaleredwe kutchire, ayenera kupereka ulemu. Anaumirira kuti apukute mapazi, awerame pang'ono, ndipo anene kuti, "Pepani, akuluakulu, ndidutse nawo cha kuno." Awo anali masekondi ena anayi ndi nsanjika zina zitatu. Nsanja inalowa m'mitambo, wotchi osaonekanso. Amayi amene ankakuwa m'malo mwa kamwanako anatha mpweya kawiri, ndipo kachitatu anachita kuwapepesa ndi madzi ozizira.

Loweruka linafika. Makoma anakwera masitepe a kwa achimwene ake mtima uli m'malo, kwa nthawi yoyamba m'masabata awiri. Mlamu wake, amene ankadziwa nkhani yonse, anali atakonza kale pabalaza, tepi yoyezera ili pathebulo kudikira mwini wake.

"Lowani, mayi," anatero bambo ali pampando wawo, bulangeti lili m'miyendo.

"Zikomo, bambo. Mwadzuka bwanji?"

Maso a bambo anali pakhoma.

Katuni inayamba. Kamwana kanatsatira baluni, kanaterereka, kanayamba kugwa. Chibakera analengeza misozi n'kuliyatsa liwiro. Malo omwetsera mafuta anaphulika, mabuku a m'laibulale anauluka, tchalitchi chinang'ambika pakati. Kenaka panatulukira chitseko chobiriwira ndi masitepe atatu, osati kumbuyo ngati masiku onse, koma kutsogolo kwenikweni, kudzaza kanema yense. Bambo anadzambatuka, bulangeti linagwa.

Chibakera anaima. Anapukuta phazi lamanja, anapukuta lamanzere.

"Akutani ameneyu?" anafunsa bambo.

"Akulambalala shopu, bambo," anatero Makoma akumwetulira.

Kanema anaonetsa kamwana kakugwabe, kakudutsa mazenera, kakudutsa mbalame. Anabwereranso kwa Chibakera, amene tsopano anali atawerama, manja ali pamodzi.

"Dutsa!" anakuwa bambo. "Iwe! Dutsa pomwepo!"

"Pepani, akuluakulu," anatero Chibakera.

"Akupepesa ndani? Phwanya chitsekocho! Mwana akugwa, chitsiru iwe!"

Munthu amene ankachita kumugwira dzanja popita kubafa anaimirira yekha, anavula silipasi n'kuiponya. Inamenya kanema pamphumi penipeni pa Chibakera, amene panthawiyo anali akukhota mokongola, zithunzi zonse makumi anayi ndi zisanu ndi zitatu, khosi likutembenuka bwinobwino. Anazungulira shopu, analiyatsanso, n'kuwakha kamwana kutatsala chikhatho chimodzi kuti kafike pansi. Nyimbo inalira. Kashopu kanali chiimire kumbuyo, ngakhale fumbi silinakakhudze.

"Wamuwakha, bambo, taonani," anatero mlamu uja. "Mwana ali bwino."

"Mwamwayi!" Bambo anali akupuma mwabefu. "Ameneyo si munthu. Kuima n'kumalonjera khoma mwana ali m'malere? Zimitsani. Sindidzamuoneranso wamantha ameneyu."

Mlamu anayang'ana Makoma, Makoma anayang'ana pansi. Kanema anazimitsidwa. Masabata awiri osapuma, nsanjika khumi ndi ziwiri, khosi lochita kufunafuna, zonsezo malipiro ake silipasi. Makoma anapsa mtima, ndipo anali ndi chisoni chachikulu.

"Koma bambo, ija ndi shopu yanu," ananena motsitsa. "Amafuna isagwe."

"Ndikudziwa kuti ndi yanga! Mukundiuza ine?" Anakhala pansi n'kumuyang'anitsitsa. "Muli ndi mwana inu, mayi?"

"Ayi, ndilibe."

"N'chifukwa chake. Ine ndili naye, wamkazi, wa zaka zisanu. Samva ameneyo. Opaka penti anasiya makwerero pakhomo pa shopu, iye n'kukwera mpaka padenga, akuti akufuna aone mmene msewu umaonekera kumwamba. Ine ndili pamakina, ndikungoona timiyendo tikulendewera kunja kwa galasi. Chitseko chija chimafuna kuchinyamula kaye kuti chitseguke. Ndani anali ndi nthawi imeneyo? Ndinadutsa m'galasimo."

Anapinda mkono wa malaya. Chipsera chinayambira pachigongono mpaka pafupi ndi chikhatho. Makoma ankachidziwa chipsera chimenecho moyo wake wonse, ndipo ali mwana anauzidwa kuti inali sizasi. Za makwerero sankakumbukira kalikonse. Koma zaka zisanu ndi chimodzi wakhala akujambula chitseko chija chili ndi thabwa pamene panayenera kukhala galasi, chifukwa ndi mmene ankachikumbukira, osadzifunsa kuti galasilo linapita kuti.

"Suti ya mwini wake ndinaidetsa ndi magazi," anapitiriza bambo, ayamba kuseka. "Amayi ake a mwanayo anandikalipira sabata yathunthu. Akuti munthu wamkulu, chitseko chilipo. Ndinawauza kuti galasi amagulitsa kusitolo."

Mlamu anatola silipasi ija n'kupita nayo kukhitchini, kumene kunalibe chilichonse chofuna silipasi. Makoma anasendera pafupi, anagwada pambali pa mpando, n'kugwira mkono uja. Bambo anamulola, monga mmene munthu amalolera nesi.

"Mumamudziwa mwana wanga, mayi?"

"Ndimamudziwa, bambo."

"Mukamuona mumuuze atsike padengapo. Mkono winawu ndikufuna ndizisokera."

"Watsika kale."

"Watsika?" Anamuyang'ana mokayika. "Sanavulale?"

"Sanavulale. Munamuwakha."

Bambo anagwedeza mutu pang'onopang'ono, anatsitsa mkono wa malaya n'kumanga batani.

"Ndiye basi," anatero.